Buku la Nyemba la a Alufeo

A Alufeo Kamtedza a ku Kabwazi ndi munthu wamfupi, wa miyendo yamatewe, ndipo palibe malaya awo amene alibe dontho la penti, ngakhale aja opitira ku Misa. Sukulu anaisiyira Sitandade 5, koma akamalankhula mungayese anachita kukana okha uhedimasitala. Chaka chino akwanitsa zaka 67, ndipo m'mudzi monse ndi iwo okha amene ali ndi buku la dzina lawo pachikuto. Momwe bukulo linabwerera, eni ake amafotokoza mwachidule kwambiri, akudumpha pena ndi pena. Ndiye tiyeni tiwathandize.

Ali mnyamata analembedwa ntchito kunkhalango ya paini ku Phiri la Dedza. Anzawo a zifuwa ankagwetsa mitengo, koma iwo nkhwangwa inkawapepesula, ndiye kapitawo anawapatsa kachitini ka penti wofiira ndi burashi kuti azilemba manambala pa zipika. Lamulo linali limodzi: nambala ilembedwe kunsonga kwenikweni, kuti zipika zikasanjikizana pa lole izioneka. Anagwira ntchito imeneyo zaka 19, m'nkhungu ndi m'chisanu, mpaka dzanja linaloweza. Thumba lopita kuchigayo amalilemba dzina kumsoko. Kalata amaisainira pansi penipeni, pamene pepala likutsanzika. Pakati pa pepala, iwo amati, ndi malo aulemu, sipoika dzina la munthu wamba.

Ya kunkhalango itatha anatsikira ku Linthipe n'kuyamba kulemba zikwangwani za magolosale, mitu ya anthu pa malo ometera, mabotolo pa mabawa. Mbuzi yawo yoyamba pakhoma la butchala inatuluka ngati galu, ndipo mwini butchala anatha sabata yathunthu akulumbira kwa makasitomala. Koma ntchito anadzaidziwa. Inafika nthawi yoti tomato wawo wapakhoma ankaoneka wakupsa kuposa wa pamsika. Kenaka kunabwera anyamata a makompyuta ndi zinsalu zawo zosindikiza, zikwangwani zamanja zinatha msika, a Alufeo n'kubwerera kumudzi kukalima mbatatesi ndi kusowetsa mtendere akazi awo.

Kumudziko ndi kwawo kwa akazi awo, a Rute. A Alufeo ndi mkamwini, ndipo ukamwini ulibe penshoni. Zaka makumi anayi, ana asanu, zidzukulu khumi ndi ziwiri, koma akatsokomola pamsonkhano amayi a pamudzipo amatembenukabe ngati watsokomola ndi mlendo. Wowayang'anitsitsa kuposa onse ndi alamu awo, a Falesi, mkulu wawo wa a Rute, mayi wamasiye wamtali ngati mlongoti, wapampando wa mphakati wa kutchalitchi, amene chiyambire sanavomerepo kuti mng'ono wawo anakwatiwa bwino.

Tsiku lina masana, nyemba zitangouma, a Rute anali pakhonde ndi lichero akusankha. Mavenda a ku Linthipe amafuna za mtundu umodzi, kholophethe payekha, napilira payekha. Zosakaniza zija amayi akale ankabzala mitundu isanu phando limodzi amazigula mtengo wotaya. Ndiye a Rute ankatola yachilendo iliyonse n'kuiponya m'kambale ka ndiwo.

A Alufeo, posowa chochita, anatolamo imodzi, yofiirira, ya mizere yoyera ngati matiresi akale.

"Iyi n'chiyani, make Pilira?"

"Ikani pansi, ndi ndiwo zanu za mawa."

"Ndafunsa dzina."

"Malemu amayi ankaitcha kadyaubwerere. Yatsala kwa ine ndekha, ndipo chaka chino n'chomaliza. Malo obzala zinthu zosagulika ndilibe."

A Alufeo anakatenga pepala lolimba ndi utoto wa m'madzi uja wa ana a sukulu, n'kuijambula nyembayo yaikulu ngati peyala, mzere uliwonse pamalo pake, ndi kadiso kake komwe. Pansi pake penipeni, pamene pepala limathera, analemba ndi tizilembo ting'onoting'ono kuti: kadyaubwerere, ya Rute. Anachikhoma pakhonde.

Amayi opita kumjigo anayamba kuima. Woyamba kubwera ndi yake anali a Emily, oyandikana nawo nyumba, atamanga nyemba zitatu zachikasu pamfundo ya chitenje. "Abambo, iyi bwanji? Kapena mumajambula za akazi anu okha?" Mawa lake kunabwera awiri, mkuja anayi. Zina anazitulutsa m'mabotolo a phulusa, zina m'zigubu za kudenga, nyemba zoti amuna awo sankadziwa n'komwe kuti m'nyumba zilimo. Pofika mwezi wa Ogasiti khoma linali ndi nyemba makumi awiri, ndipo mphemvu zinali zitayamba kulawa ngodya za mapepala.

Apa m'pamene a Alufeo analankhula mawu aakulu kuposa thumba lawo. Lamulungu lina Misa itatha, amayi atasonkhana pansi pa mtengo, anaimirira n'kunena kuti zithunzizo azipanga buku, buku lenileni la mitundu, loti ngakhale nyemba itatha m'munda ana adzaione nkhope yake.

"Nanga adzadziwa bwanji kuti ndi ya yani?" anafunsa a Emily.

"Dzina la mayi aliyense lidzakhala pansi pa nyemba yake. Ndanena pamaso pa tchalitchi ichi."

A Falesi sanaombe nawo m'manja. Iwo anali ndi nyemba yawoyawo, yakuda yonyezimira, ya kamzere kamodzi koyera, imene azakhali awo anabwera nayo kuchokera kutsidya kwa malire. Ankaitcha msamuuze, ndipo zaka makumi asanu sanagawireko munthu mbewu yake, ngakhale a Rute. Lachitatu anafika pakhonde ndi kabokosi ka machesi.

"Ndamva mukupanga buku, alamu."

"Tikuyesa, alamu."

"Inuyo? Galu wa pabutchala uja munamukonza?"

"Inali mbuzi, ndipo inafa kalekale ndi ukalamba."

"Umu muli zisanu ndi ziwiri. Ndaziwerenga kawiri. Mukatha kujambula zibwere zisanu ndi ziwiri, osati zisanu ndi imodzi ndi nkhani." Anagwirabe kabokosiko osakasiya. "Ndipo dzina langa likhalepo. Ine pa dziko lino ndilibe malata, ndilibe ng'ombe. Ndili ndi nyemba iyi. Mukaiika m'buku yopanda dzina, ndiye kuti mwaipereka kwa aliyense wodutsa pamsewu. Zikadzatero mudzakwere ngolo kubwerera kwanu, ngati kwanuko kukadalipo."

"Lidzakhalapo, alamu."

Anaijambula masiku atatu, chifukwa chakuda chonyezimira n'chovuta, chimafuna kukhala khala. Nyemba anazibweza zonse, ndipo a Falesi anaziwerenga katatu.

Ulendo woyamba wa ku Lilongwe a Alufeo ananyamula zithunzi 21 zitakulungidwa m'chitenje ndi pulasitiki, atavala jekete ya ukwati wa Pilira, mwana wawo woyamba. Malo oyamba osindikizira anawauza kuti amangopanga makadi a ukwati ndi mapepala a maliro. Achiwiri anatchula mtengo woti a Alufeo anafunsa ngati akugulitsa ndi makina omwe. Achitatu anapezako mayi wachitsikana wa magalasi, dzina lake Sungeni, amene anayala zithunzizo pa tebulo n'kuziyang'ana chimodzichimodzi.

"Agogo, mwajambula nokha izi?"

"Ndi dzanja ili. Linalo limangogwira pepala."

Sungeni anatenga kakyuleta. Anati poyamba zithunzi zonse zilowe m'kompyuta, azikonze ndi kuziyala m'masamba, ndiyo K90,000. Bukulo lifunikanso nambala yake, ngati chitupa cha munthu, yoti akaipempha ku ofesi ina. Kusindikiza kwenikweniko, la mitundu, pa pepala losalala, lomangidwa ndi timawaya tiwiri pamsana, akafuna mabuku makumi asanu lililonse likhala K7,000. Akafuna mazana awiri, K4,200.

"Ndiye kuti ndikakhala wosauka ndilipire zambiri?"

"Makina sadziwa wosauka, agogo. Kuwadzutsa kokha ndiye kodula. Koma chakuda ndi choyera ndi K1,300 basi."

"Tandionetsa chakuda ndi choyeracho."

Mtsikanayo anaika zithunzi zitatu pa makina, ya a Rute, ya a Emily ndi ya a Falesi. Zinatuluka zitatu zofanana ngati manyi a mbuzi imodzi. A Alufeo anazitembenuza uku ndi uku.

"Izi ndikapita nazo kumudzi, maliro anga sadzaimbidwa nyimbo. Tipange za mitundu."

Kenaka panabuka nkhani ya masamba. Sungeni anapinda pepala limodzi pakati n'kuwaonetsa kuti likapindidwa limabala masamba anayi, ndiye buku limayenda anayianayi. Nyemba 21, tsamba la mutu, tsamba la mawu oyamba, zonse 23. Lotsalalo likhala lopanda kanthu.

"Lopanda kanthu, koma ndilipira?"

"Mulipira."

"Ayi. Ine sindinagulepo munda n'kuugoneka."

Anabwerera kumudzi ndi ntchito ziwiri, kudzaza tsamba ndi kupeza ndalama. Tsambalo anafunsa a Rute kuti ajambulepo chiyani. A Rute, atamva kale za K930,000, anati: "Jambulani nankafumbwe. Pansi pake mulembe dzina lanu, poti ndinu mwalowa m'nkhokwe." Ndipo anamujambuladi nankafumbwe, wonenepa bwino, wa kamlomo kosongoka, koma dzina sanalembe.

Ndalama zinachokera kuseri kwa dimba. Chaka chimene anabadwa Pilira a Alufeo anabzala mitengo ya paini, mbande zake zochokera kumene inu mukuganizako, ndipo inali itakula yoti munthu sangaikumbatire. Anthu ocheka matabwa anali atayendera mitengoyo zaka zambiri. Tsopano anawaitana okha. Inagwa makumi anayi, ndipo pa chipika chilichonse a Alufeo analemba nambala kunsonga ndi penti wofiira, ngakhale panalibe wowatuma. Zitapereweza, nkhumba yaikazi inakwera njinga kupita ku Linthipe ikulira njira yonse. A Rute anakhala masiku awiri akuyankha ndi mphuno. Tsiku lachitatu anawasokera ndalamazo m'kati mwa jekete ndi manja awo, n'kuwauza kuti asagone mu minibasi.

Ulendo wachiwiri Sungeni anawaonetsa pa kompyuta momwe wayalira tsamba loyamba, chithunzi pakati, m'mbali monse moyera.

"Zoyerazi n'zachiyani?"

"Ndi malire, agogo, kuti chithunzi chipume."

"Chatopa ndi chiyani? Ndikulipira mitundu, iwe ukundigulitsa pepala loyera. Utoto ufike mpaka kumapeto, ngati khoma."

"Zimatheka. Koma tikatero ndiyenera kuchikulitsa chithunzi chisefukire kunja, chifukwa mabuku akamangidwa amapita ku chimpeni chodula m'mbali. Chimadya pang'ono kuzungulira konse."

"Chidye. M'mbalimo ndi thengo lokhalokha."

Ponena zimenezo maso awo anali pa nyemba, mmene inkakulira pa galasi la kompyuta mpaka kudzaza tsamba, ndipo mtima unali m'mwamba. Za tizilembo ta pansi tija sanaganizeko n'komwe. Kwa iwo dzina likalembedwa kunsonga ndiye kuti lili pamalo otetezeka. Naye Sungeni anali atationa, koma ojambula onse amene amabwera kwa iye amalemba timanotsi m'mphepete, toti ichi chitsogole ichi chitsatire, ndiye anayesa ndi timeneto.

"Tipange kaye limodzi la sampulo," anatero. "K18,000. Mubwere Lachisanu mudzalione, mukavomera ndiye tisindikize onse."

A Alufeo anawerengera mumtima: sampulo, minibasi kupita ndi kubwera, chipisi cha panjira. Theka la thumba la feteleza.

"Mwana wanga, ine ndalemba makoma kuyambira iwe usanabadwe. Khoma lilibe sampulo. Sindikiza."

Anasainira pepala lovomereza, pansi penipeni.

Patatha masabata atatu makatoni anayi anatsika pa Linthipe, n'kukwera ngolo ya mbatatesi mpaka ku Kabwazi. Linali dzuwa la masana, ndipo theka la mudzi linaona. A Alufeo analowetsa makatoniwo m'nyumba, anasamba m'manja ndi sopo, n'kutsegula. Fungo lokha linali la ndalama. Chikuto chinkanyezimira. Anatsegula cha kumapeto n'kukumana ndi msamuuze, wakuda bii, wonyezimira ngati wangotuluka m'khoko, wokongola kuposa mmene anamujambulira. Anaseka okha. Kenaka maso anatsikira pansi pa tsamba.

Kunalibe dzina. Kumapeto kwenikweni kwa pepala kunali timadontho tingapo ngati mitu ya nyerere zosuzumira, nsonga za zilembo zazitali zimene mpeni unasiya. Anatsegula tsamba la a Emily, chimodzimodzi. La a Rute, ngakhale nyerere panalibe. Anatenga buku lina, ndi lina, anafika pansi pa katoni yachinayi ngati kuti kumeneko mpeni unali utakhuta. Mabuku mazana awiri, mayina onse anatsala ku Lilongwe m'dengu la zinyalala.

Anaimbira foni Sungeni ali kuseri kwa khola lopanda nkhumba lija.

"Mayina aja, mwana wanga?"

"Mayina ati, agogo?" Sungeni anayang'ana pa kompyuta. "Mayo ine! Timalemba ta pansi tija? Bwanji simunanene? Sampulo ija ikanationetsa."

"Za sampulo zisiye. Kubwereza ndi zingati?"

"Kuyala ndikuyalirani ulere. Koma pepala ndi utoto ndi zomwe zija."

A Alufeo anayang'ana kuseri kwa dimba kumene kunatsala zitsa.

Nzeru imene anaipeza inali ya mlembi wa zikwangwani. Anasamutsira makatoni m'kanyumba kosungira mbatatesi, anawafunditsa masaka, n'kuuza a Rute kuti mabuku atsopano amafuna masiku angapo kuti utoto ukhwime. M'mawa uliwonse ankalowamo ndi cholembera, ati kukasankha mbewu. Koma masamu anawakana. Mayina 21 m'mabuku mazana awiri ndi mayina 4,200, ndipo iwo salemba mothamanga, chilembo chilichonse amachimanga ngati nyumba. Masiku awiri anatha mabuku asanu ndi anayi, ndipo kawiri anaika dzina la mayi wina pansi pa nyemba ya mnzake, umene ndi mlandu woposa woyamba uja.

Tsiku lachitatu chitseko chinatseguka. Kutsogolo a Falesi, kumbuyo a Rute atapinda manja.

"Tabwera kudzaona ngati utoto wakhwima, alamu."

Munthu wa zaka 67 kubisa buku kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga, n'zomvetsa chisoni, koma anabisa ndithu. A Falesi anangotambasula dzanja. Sanatenge mwa aja olembedwa ndi manja, anasolola lawo m'katoni. Anatsegula pang'onopang'ono, akunyowetsa chala, kudutsa nyemba za anzawo, mpaka anafika pa yawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaisisita ndi chala chachikulu.

"Ndi yomweyo," anatero motsitsa. Kenaka mawu anakwera. "Nanga ine ndili pati?"

A Alufeo anafotokoza zonse, za malire oyera, za chimpeni, ngakhale za sampulo, imene akanatha kuibisa. Anati alemba okha ndi dzanja, mayina onse, ngakhale ziwatengere mpaka Khirisimasi.

"Ndiye dzina langa lili ku Lilongwe."

"Lili ku Lilongwe, alamu."

"M'zinyalala."

"Mwina anasesa kale."

"Ine mwini wake sindinafikeko ku Lilongwe zaka khumi, dzina langa lapita kukagona m'zinyalala." Anatembenukira mng'ono wawo. "Rute, ndinakuuza chaka chija kuti munthu uyu ngwamfupi ndi nzeru zomwe."

"Munanena, achemwali. Koma nyembayo wajambula bwino."

"Ndaona ndekha, usandiuze."

Anatola limodzi mwa mabuku asanu ndi anayi aja n'kuona pamene a Alufeo analemba Falesi ndi dzanja. Anali atalilembanso pansi penipeni, pa mitu ya nyerere ija.

"Taonani! Mwaliikanso kukamwa kwa mpeni! Inu simumva, eti? Bweretsani cholemberacho."

"Alamu, pepalali ndi loterera, limafuna dzanja lozolowera."

"Munalemba kamodzi, mwataya. Kachiwiri simulembanso. Dzina ndi langa."

A Falesi anapitako sukulu ya kwacha miyezi itatu, kale, ndipo anatulukako ndi chinthu chimodzi, dzina lawo. Ankaligwiritsa ntchito kawiri pachaka, pa makuponi ndi pa kaundula wa mphakati. Anakhala pa thumba la mbatatesi, anaika buku pabondo, anatulutsa lilime pang'ono, n'kuyamba. F inatenga nthawi yoti munthu akanatha kusenda mbatatesi ziwiri. S inayang'ana kumene inafuna yokha. Koma atatha, dzinalo linali pamenepo, pansi pa mimba ya nyemba, patali ndi m'mphepete.

"Mabukuwa ndi angati?"

"Mazana awiri."

"Loweruka muwabweretse ku mphakati. Onse. Ndi zolembera, mugule ndinu."

Loweruka limenelo a Alufeo anaimirira pamaso pa amayi 21 n'kuulula tchimo lawo kachiwiri, ndipo a Falesi ankawakumbutsa pamene adumpha. Kunali kuseka koti ena anagwira nthiti, kunalinso ena amene sanaseke. A Emily anati iwo kulemba sadziwa, ndiye kuti nyemba yawo ikhala yamasiye?

"Pali inki ya chala," anatero a Alufeo, akutulutsa kabokosi kamene anabwereka kwa mlembi wa kalabu ya feteleza.

"Chala n'cha aliyense. Ndani adzadziwe kuti ndi changa? Mundilembere apa ndione mmene limakhalira."

Anawalembera ndi makala pa thabwa, zilembo zisanu. A Emily anakhala pansi n'kuyamba kuzitsanzira pa dothi ndi kamtengo, kufufuta ndi phazi, kuyambanso. Tsiku limenelo sanakhudze buku. Loweruka lotsatira anafika oyamba.

Anayala mabenchi mzere umodzi, mayi aliyense pamalo pake monga mwa masamba, ndipo buku linkayenda dzanja ndi dzanja ngati njerwa pa chitukuko. Likachoka kwa a Rute lipite kwa a Emily, mpaka kumapeto kumene a Alufeo ankaliuzira kuti liume n'kulibweza m'katoni. Asanu anasankha chala, ndipo anzawo ankawalembera dzina pambali pake. Ena ankayamba nyimbo, ena ankakangana kuti nyemba ya uje yajambulidwa yonenepa kuposa mmene ilili. Mzere unkaima pa a Emily, mabuku n'kuunjikana, a Falesi n'kumakuwa kuchokera kumapeto kuti, "Amayi inu, mukulemba kalata ya ku Joni?" Inatenga Maloweruka anayi. Zolembera zinatha khumi ndi ziwiri, ndipo tiyi ndi mabanzi a masiku onsewo anagula ndi a Alufeo, monga chindapusa.

Mtengo anauika pa K6,500. Oyamba kugula anali amayi omwewo, ena awiriawiri, kutumizira ana ku Lilongwe ndi ku Joni kuti aone dzanja la amayi awo. Aphunzitsi anagula, masisitere anagula, wina wa galimoto yoyera anaima pa Linthipe n'kutenga khumi. Pofika lero atsala makumi asanu ndi limodzi pansi pa bedi. Ndalama ya nkhumba inabwerera ndipo khola lili ndi mwini, koma ya mitengo inabwerako theka, poti ambiri anatenga mabuku pangongole, ndipo a Alufeo akamawerengera amasiyira panjira n'kuyamba nkhani ina. Chimene amakonda kunena n'chakuti chaka chino amayi anayi abzalanso kadyaubwerere, atamuona m'buku n'kukapempha mbewu kwa a Rute. Msamuuze ayi. Amene akumufuna azimuona pa tsamba 19.

Pa tsamba limenelo m'pamene munthu angadziwire kuti buku lake linasainidwa Loweruka liti. M'mabuku oyamba dzina la a Falesi ndi laling'ono, lamanyazi, lokhala pansi pa nyemba mwaulemu. Dzanja litazolowera, zilembo zinayamba kunenepa. Pofika katoni yachitatu F inali itakwera pamimba pa nyemba. Tsiku lomaliza a Alufeo, akuuzira buku, anaona kuti dzinalo layambira kumanzere kwa tsamba mpaka kumanja, kudutsa pakati penipeni pa chithunzi chimene anachivutikira masiku atatu, pa kamzere koyera kaja.

"Alamu, mwaphimbatu nyemba."

A Falesi sanadzutse n'komwe mutu. Anakoka buku lotsatira, ananyowetsa chala, n'kutsegula pa tsamba lawo.

"Kauzeni chimpeni chanucho chibwere chidzadye apa tione."